Ajeremani anaigonjetsa Russia mu 1918, nanga chinawakanika n'chiyani mu 1941?

Anthu ambiri akamva za nkhondo ya Ajeremani ndi anthu a ku Russia, maganizo amathamangira kwa Hitler, ku Stalingrad, ndi ku chisanu chimene amati ndicho chinatha asilikali a Germany. Zimenezo zinachitikadi. Koma nkhani ikasimbidwa choncho imabisa chinthu chachikulu: kutatsala zaka 23 kuti Hitler alowe m'dziko la Soviet Union, Germany inali itaigonjetsa kale Russia. Pa 3 Malichi 1918, mumzinda wa Brest-Litovsk, nthumwi za boma la Lenin zinasaina pangano lolola kuti Poland, Ukraine, Finland ndi maiko a m'mphepete mwa nyanja ya Baltic achoke m'manja mwa Russia. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a mu ufumu wakalewo anapezeka ali kunja kwa malire atsopano. Chisanu chinalipo nthawi imeneyo monga chinalili mu 1941, ndipo mtunda wa pakati pa Berlin ndi Moscow sunasinthe. Nanga chinasintha n'chiyani kuti ulendo wachiwiri ukathere m'mabwinja a Berlin?

Tiyambe tachotsa maganizo akuti mitundu iwiriyi ndi adani achibadwire. N'zoona kuti mu Epulo 1242 Alexander Nevsky wa ku Novgorod anagonjetsa ankhondo achijeremani okwera pa akavalo pamwamba pa madzi oundana a nyanja ya Peipus, ndipo ku Russia amaikumbukirabe nkhaniyo. Koma imeneyo inali nkhondo ya anthu masauzande ochepa chabe. Magulu akuluakulu anayamba kukumana pa nkhondo ya zaka zisanu ndi ziwiri, ya 1756 mpaka 1763, Germany isanakhale dziko limodzi. Mfumu ya Prussia, Frederick II, inkawaderera asilikali a Russia. Ku Zorndorf mu 1758 inaona ndi maso kuti anthuwa amatha kuphedwa ambirimbiri koma osachoka pamene aima. Tsiku limodzi lokha anthu pafupifupi 30,000 a mbali zonse ziwiri anafa, kuvulala kapena kugwidwa. Chaka chotsatira ku Kunersdorf, a ku Russia mothandizana ndi a ku Austria anaphwanya gulu lake lonse, ndipo mu Okutobala 1760 analowa mu Berlin n'kukhalamo masiku angapo.

Frederick anapulumuka chifukwa cha maliro. Mfumukazi Elizabeth ya ku Russia inamwalira mu Januwale 1762, ndipo amene analowa ufumu, Peter III, anali wobadwira ku Kiel ndipo ankamusirira Frederick kuyambira ali mnyamata. Anaimitsa nkhondo n'kubweza malo onse amene asilikali ake analanda. Nkhaniyi inakhala m'mitima ya Ajeremani kwa nthawi yaitali. Mu Epulo 1945, mizinga ya Soviet itayandikira, Hitler anali ndi chithunzi cha Frederick m'chipinda chake chapansi pa nthaka, ndipo pamene pulezidenti Roosevelt wa America anamwalira, Goebbels, nduna yake yofalitsa nkhani, anakhulupirira kuti mwayi uja wabweranso.

Kuchokera mu 1762 mpaka 1914, zaka zoposa 150, awiriwa anakhala kwambiri ngati abwenzi. Catherine II, amene analamulira Russia zaka 34, anali mwana wamkazi wa kalonga wachijeremani, wobadwira ku Stettin, ndipo anaitana alimi achijeremani kuti adzakhale m'mphepete mwa mtsinje wa Volga. Prussia, Russia ndi Austria anagawana dziko la Poland katatu, mu 1772, 1793 ndi 1795 (Austria sinatengeko gawo mu 1793), mpaka linafufutika pa mapu. Mu 1813 anathandizana pomenyana ndi Napoleon ku Leipzig. Bismarck, amene anagwirizanitsa Germany mu 1871, ankaopa chinthu chimodzi kuposa zonse: kumenyana ndi France ndi Russia nthawi imodzi. N'chifukwa chake mu 1887 anachita pangano lachinsinsi ndi Russia. Atachotsedwa pa udindo mu 1890, mfumu Wilhelm II inalisiya panganolo kuti lithe, ndipo pofika 1894 Russia inali itagwirana manja ndi France. Chimene Bismarck ankaopa chija chinali chitakonzeka, chikungodikira tsiku.

Ulendo woyamba

Tsikulo linafika mu 1914. Akuluakulu ankhondo a Germany anakonza zoti athane ndi France m'masabata asanu ndi limodzi, poganiza kuti Russia, ndi njanji zake zochepa, ichedwa kusonkhanitsa anthu. Russia sinachedwe. Pakati pa Ogasiti magulu ake awiri, lina la Rennenkampf lina la Samsonov, anali atalowa kale ku East Prussia. Koma akuluakulu awiriwa sankayendera limodzi, pakati pawo panali nyanja zambiri zazing'ono, ndipo mauthenga ena a pa wayilesi ankawatumiza osabisa mawu, Ajeremani akumvetsera. Akuluakulu ankhondo a Germany, Hindenburg ndi Ludendorff, anakweza asilikali awo pa sitima, kuwachotsa pamaso pa Rennenkampf n'kukawaunjika pa Samsonov. Pakati pa 26 ndi 30 Ogasiti, pa nkhondo imene anaitcha ya Tannenberg, gulu la Samsonov linazingidwa. Asilikali pafupifupi 92,000 anagwidwa, ndipo Samsonov anadziombera yekha m'nkhalango. Patangopita masiku ochepa, pamene Ajeremani ankapitikitsa Rennenkampf ku nyanja za Masuria, asilikali a ufumu womwewo ochokera ku Tanganyika anaukira Karonga pa 9 Sepitembala. Inali nkhondo imodzi, kungoti mabwalo ake anali otalikirana.

Mosiyana ndi ku France kumene asilikali anakhala m'ngalande zaka zinayi osasuntha kwenikweni, kum'mawa malo anali aakulu kwambiri moti sakanatsekedwa onse. Mu Meyi 1915 Ajeremani ndi a ku Austria anabowola pa Gorlice ndi Tarnów. Russia inali itasowa zipolopolo za mizinga, ndipo asilikali ena ankatumizidwa kutsogolo opanda mfuti, kuti akatole ya mnzawo amene wagwa. Warsaw inagwa mu Ogasiti. Pobwerera m'mbuyo asilikali a Russia ankatentha midzi ndi kuthamangitsa anthu, makamaka Ayuda amene ankawaganizira kuti ndi akazitape, ndipo mamiliyoni a anthu wamba anadzaza misewu. Komabe gulu lankhondo la Russia silinathe. Mu Juni 1916 mkulu wankhondo wa Russia, Brusilov, anaphwanya asilikali a Austria-Hungary moti Germany inachita kuchotsa anthu ku France kuti akapulumutse mnzawoyo.

Chimene chinagwetsa Russia chinachokera kunyumba. Tirigu analipo m'dziko, koma njanji zinalemedwa ndi katundu wankhondo, ndalama zinatha mphamvu, ndipo alimi analeka kugulitsa zokolola chifukwa m'masitolo munalibe choti agule. Mfumu Nicholas II inali itadziika yokha kukhala mkulu wa asilikali mu 1915, motero kugonja kulikonse kunkagwera pamutu pake. Mu Malichi 1917 amayi otopa ndi mizere ya buledi analowa m'misewu ya Petrograd, likulu la dzikolo pa nthawiyo, ogwira ntchito m'mafakitale anawatsatira, ndipo asilikali amene anauzidwa kuti aombere anakana. Mfumu inatula pansi udindo. Boma logwirizira linalakwitsa popitiriza nkhondo imene msilikali wamba, mlimi wosauka wovala yunifolomu, sankaona chifukwa chake. Atamva kuti kumudzi anthu ayamba kugawana minda ya eni chuma, ambiri anangonyamuka ulendo wa kwawo.

Germany inathira mafuta pamoto. Mu Epulo 1917 inalola Lenin kudutsa m'dziko lake pa sitima kuchokera ku Switzerland, podziwa kuti akalalikira zoleka nkhondo. Mu Novembala chipani chake chinalanda boma. Pamene Trotsky, mtsogoleri wa nthumwi za Lenin, ankazengereza kusaina pangano la mtendere, Ajeremani anayambiranso kuyenda mu Febuluwale 1918, ndipo m'malo ambiri ankangokwera sitima n'kutsika pa siteshoni yotsatira popanda wowaletsa. Ndiye pangano la Brest-Litovsk lija. Silinakhalitse, pakuti mu Novembala chaka chomwecho Germany inagonja kumadzulo ndipo zonse zinafafanizidwa.

Koma linasiya maphunziro awiri m'mitu ya Ajeremani ambiri, ndipo onse awiri anali oopsa. Loyamba linali lakuti Russia ndi chimphona chopanda mafupa, ukachimenya mwamphamvu chimagwa chokha. Lachiwiri linachokera ku njala imene inavuta mu Germany pamene zombo za Britain zinatseka njira za panyanja: kuti dziko lawo silidzakhala pa mtendere mpaka litatenga minda ya tirigu ya ku Ukraine. Hitler anatenga maganizo awiriwa n'kuwasakaniza ndi chidani chake pa Ayuda ndi pa anthu a mitundu ya Asilavu, amene ankawayesa anthu osakwanira.

Zaka za pakati pa nkhondo ziwirizi zili ndi zodabwitsa zake. Atagwirizana ku Rapallo mu 1922, Ajeremani, amene analetsedwa kukhala ndi akasinja ndi ndege zankhondo, ankakaphunzira mobisa ku Soviet Union komweko, za ndege ku Lipetsk, za akasinja kufupi ndi Kazan, mpaka 1933. Nthawi yomweyo Stalin ankamanga mafakitale azitsulo ndi a mathirakitala ku Magnitogorsk, Chelyabinsk, Kharkov ndi Stalingrad. Mtengo wake unali miyoyo: njala ya 1932 ndi 1933, yobwera chifukwa cholanda alimi minda ndi zokolola, inapha mamiliyoni ku Ukraine ndi ku Kazakhstan. Mu 1937 ndi 1938 anaphanso akuluakulu ankhondo ake omwe, kuphatikizapo Tukhachevsky. Mwa akuluakulu asanu a udindo wapamwamba kwambiri, atatu anaphedwa. Kenako pa 23 Ogasiti 1939 nduna zake ndi za Hitler zinasaina pangano losamenyana, lokhala ndi gawo lachinsinsi logawana Poland ndi maiko oyandikana nayo. Mu 1940 apolisi a Stalin anapha akaidi a ku Poland pafupifupi 22,000 ku Katyn ndi malo ena. Sitima zodzaza tirigu ndi mafuta zinkapitabe ku Germany mpaka usiku womaliza.

Ulendo wachiwiri

M'bandakucha wa pa 22 Juni 1941, asilikali a Germany oposa 3 miliyoni anawoloka malire kuyambira ku nyanja ya Baltic mpaka chakumwera, ndipo a ku Romania, Finland, Hungary, Slovakia ndi Italy anadzawathandiza. Apa m'pofunika kusamala ndi mawu akuti a ku Russia. Dziko limene linaukiridwa linali Soviet Union, ndipo m'gulu lake lankhondo munali anthu a ku Ukraine, Belarus, Kazakhstan, Georgia, Armenia, Uzbekistan ndi ena ambiri. Nkhondo yambiri inamenyedwera m'minda ya ku Ukraine ndi Belarus.

Miyezi yoyamba inaoneka ngati ikutsimikiza phunziro loyamba lija. Stalin anali atachenjezedwa kambirimbiri koma sanamvere. Ndege zoposa 1,200 zinawonongedwa tsiku loyamba, zambiri zisananyamuke n'komwe. Akasinja a Germany ankabowola malo awiri, kuthamangira kumbuyo kwa adani n'kukakumana, ndipo onse otsalira m'katimo ankakhala m'khola. Kufupi ndi Minsk anagwira anthu pafupifupi 300,000, ku Kiev mu Sepitembala oposa 600,000, ndipo chaka chisanathe akaidi anapitirira 3 miliyoni. Dziko lina lililonse likanagwada.

Koma pa 11 Ogasiti, chisanu chili kutali, Franz Halder, mkulu wokonza mapulani a asilikali apamtunda, analemba m'buku lake kuti ankayembekeza magulu akuluakulu a adani pafupifupi 200, koma anali atawerenga kale 360, ndipo akaphwanya khumi ndi awiri, ena khumi ndi awiri ankatulukira. Vuto lina linali la kayendedwe ka katundu. Pa zithunzi timaona akasinja, koma asilikali ambiri a Germany ankayenda pansi, ndipo mizinga ndi chakudya chawo zinkakokedwa ndi akavalo oposa 600,000. Njanji za ku Russia n'zotambalala kuposa za ku Germany, motero sitima sizikanangolowa. Ankachita kuzula njanji n'kuikhomanso, kilomita ndi kilomita. Mu Okutobala mvula inayamba. Amene anaonapo lole ya fetereza itatitimira pa msewu wafumbi mwezi wa Januwale akhoza kuganizira malole masauzande ambiri ali choncho pa mtunda wa makilomita mazanamazana, mafuta ali kumbuyo, akasinja ali kutsogolo.

Chisanu chinafika pa gulu lotopa kale. Zovala zofunda zinachedwa chifukwa sitima zochepa zimene zinkafika zinkayamba zanyamula zipolopolo ndi mafuta, komanso chifukwa akuluakulu ankati nkhondo ikhala itatha chisanu chisanayambe. Otsogola anafika makilomita pafupifupi 30 kuchokera pakati pa Moscow, n'kuima. Pa 5 Disembala mkulu wankhondo wa Soviet, Zhukov, anawabweza ndi magulu atsopano amene Ajeremani sankadziwa kuti alipo. Kuzizirako kunkaluma mbali zonse ziwiri. Kunena kuti chisanu ndicho chinapambana n'kuwalanda ulemu anthu amene anaima pamenepo n'kufa.

Tsopano tifike pa chimene ndikuona kuti ndiye mtima wa nkhani yonse. Stalin anali ndi adani ambiri m'dziko lake kuposa amene mfumu Nicholas inali nawo. Alimi a ku Ukraine anali asanaiwale njala ya 1933. Anthu a ku Lithuania, Latvia ndi Estonia anali atangolandidwa ufulu mu 1940, ndipo anzawo masauzande ambiri anali atatumizidwa ku Siberia kutatsala sabata imodzi kuti nkhondo iyambe. M'midzi ina Ajeremani analandiridwa ndi buledi ndi mchere, monga mwambo wa kumeneko wolandirira alendo. Mwayi wobwereza za 1917 unalipo ndithu. Koma Hitler sanabwere kudzagwetsa boma chabe. Anabwera kudzatenga nthaka n'kuchotsapo eni ake.

Zimenezi zinalembedwa nkhondo isanayambe. Mu Meyi 1941 akuluakulu oona za chakudya, motsogozedwa ndi maganizo a Herbert Backe, anagwirizana kuti asilikali azidya za m'dziko lolandidwalo ndipo zotsala zipite ku Germany, akudziwa bwino lomwe kuti anthu mamiliyoni makumi angapo adzafa ndi njala. Lamulo lina linati akuluakulu a chipani cha Chikomyunizimu a m'gulu lankhondo aziomberedwa pomwepo akagwidwa. Akaidi ankhondo anatsekeredwa m'mipanda ya waya pamtetete, opanda denga, opanda chakudya chokwanira. Mwa akaidi pafupifupi 5.7 miliyoni amene Ajeremani anagwira nkhondo yonseyi, oposa 3 miliyoni anafera m'manja mwawo, ambiri m'miyezi isanu ndi itatu yoyamba. Kumbuyo kwa asilikali kunkabwera magulu opha Ayuda. Pa 29 ndi 30 Sepitembala 1941, m'chigwa cha Babi Yar kunja kwa Kiev, anaombera anthu 33,771, amuna, akazi ndi ana, ndipo nambalayi anailemba okha m'malipoti awo.

Leningrad, imene kale inkatchedwa Petrograd, anaizinga pa 8 Sepitembala 1941, ndipo cholinga sichinali kuilanda koma kuifetsa ndi njala. Mu Novembala munthu wosagwira ntchito m'fakitale ankalandira magalamu 125 a buledi pa tsiku, buledi wake wosakaniza ndi zinthu zina zosayenera kudyedwa. M'nyengo yachisanu njira yaikulu yolowetsera chakudya inali pamwamba pa nyanja ya Ladoga itaundana. Mzindawu unakhala chizingidwire masiku 872, ndipo anthu wamba pafupifupi 800,000 kapena kuposerapo anafa. Ku Belarus midzi yoposa 600 inatenthedwa pamodzi ndi anthu ake. Ku Khatyn mu Malichi 1943 anatsekera anthu m'nkhokwe n'kuyatsa moto, ndipo anafa 149. Minda ya boma imene alimi ankadana nayo Ajeremani sanaithetse, chifukwa inkawafewetsera ntchito yolanda zokolola. Achinyamata oposa 2 miliyoni anatengedwa kukagwira ntchito yaukapolo ku Germany.

Mbiri ya zonsezi inkawoloka mzere wa nkhondo. Msilikali wa 1917 ankadziwa kuti akataya mfuti akapeza mudzi wake ulipo, mwinanso ndi munda wowonjezera. Msilikali wa 1942 ankadziwa kuti akagwidwa afa ndi njala kuseri kwa waya, ndipo akagonja onse, ana ake adzakhala akapolo kapena mitembo. Ambiri amene sankamukonda Stalin anamenya nkhondo modzipereka chifukwa njira ina panalibe. Pamenepa ndi pamene pagona kusiyana kwa maulendo awiri aja.

Sindikunena kuti boma la Soviet linangodalira mtima wa anthu. Linali lankhanza mosabisa. Lamulo la mu Ogasiti 1941 linati akuluakulu a asilikali ogonjera adani ndi oukira dziko, ndipo mabanja awo amangidwe. La pa 28 Julayi 1942 linaletsa kubwerera m'mbuyo popanda chilolezo, linaika magulu ogwira othawa, ndipo olakwa ankatumizidwa ku magulu achilango amene ankaikidwa poopsa penipeni. Zidzukulu za alimi achijeremani a ku Volga aja zinakwezedwa m'sitima zonse kupita ku Siberia ndi Kazakhstan. Koma boma lomwelo linachita chimene mfumu inalephera: linagwira njanji ndi mafakitale mwamphamvu. M'miyezi yomaliza ya 1941 mafakitale akuluakulu oposa 1,500 anamasulidwa, kukwezedwa pa sitima n'kukamangidwanso ku mapiri a Ural ndi kupitirira, kumene ndege za adani sizikanafika. Amayi ndi ana osapitirira zaka 15 ankagwira makina, nthawi zina denga lisanafoleredwe. Mu 1942 Soviet Union inatulutsa akasinja oposa 24,000, ambiri a mtundu wa T-34, pamene Germany sinafike 10,000. Amayi pafupifupi 800,000 analowa usilikali, ena oyendetsa ndege, ena akatswiri oombera adani ali patali, ambiri anamwino otola ovulala zipolopolo zikugwa.

Mu 1942 Germany inalibenso mphamvu zoukira paliponse, motero inaloza kumwera, ku zitsime za mafuta za Maikop, Grozny ndi Baku. Hitler anagawa gulu lake pawiri, lina ku mapiri a Caucasus, lina ku Stalingrad pa mtsinje wa Volga. Ndege zinasandutsa mzindawo mabwinja pa 23 Ogasiti, koma mabwinjawo anathandiza otchinjiriza. Chuikov, mkulu wa asilikali a Soviet otchinjiriza mzindawo, analamula asilikali ake kuti azikhala pafupi kwambiri ndi adani, moti ndege za Germany zinkaopa kuponya mabomba pa anzawo. Ankalimbirana nyumba imodzi, nkhokwe ya tirigu, phiri la Mamayev Kurgan, pamene othandiza ankawoloka Volga usiku. Ajeremani atalowetsa mphamvu zawo zonse mumzinda, m'mbali mwawo munatsala asilikali a Romania opanda zida zokwanira zolimbana ndi akasinja. Pa 19 Novembala a Soviet anabowola pamenepo, ndipo pa 23 anakumana kufupi ndi Kalach. Anthu oposa 250,000 a gulu la Germany lotsogozedwa ndi Paulus anali m'khola, njira yomwe ija Ajeremani ankachitira anzawo chaka chapitacho. Hitler anawaletsa kutuluka, Göring, mkulu wa ndege zankhondo, atalonjeza kuwadyetsa ndi ndege. Zimene zinkafika sizinkakwana ngakhale theka la zofunika. Pofika pa 2 Febuluwale 1943 otsala, pafupifupi 91,000, anagonja ali mafupa okhaokha. Amene anadzabwerera kwawo sanapitirire 6,000.

Ku Kursk mu Julayi 1943 Ajeremani anayesa komaliza, ndi akasinja atsopano, koma anapeza a Soviet atakumba mizere yambiri ya ngalande ndi kukwirira mabomba, akuwadikira. Kuyambira pamenepo ulendo unali wobwerera kumadzulo.

Nkhondo imene siitchulidwa kawirikawiri, koma imene inathyola msana wa Germany, ndi ya ku Belarus mu Juni 1944, masabata awiri ndi theka Amereka ndi Angerezi atatsika ku Normandy. A Soviet ananamiza adani kuti aukira ku Ukraine, uku akusuntha magulu awo usiku, nyali zozimitsa, mawayilesi ali chete. M'masabata asanu gulu lonse lapakati la Germany linatha, anthu oposa 300,000, ndipo a Soviet anafika pa mtsinje wa Vistula. Akaidi 57,000 anayendetsedwa m'misewu ya Moscow pa 17 Julayi. Liwiro limeneli linatheka chifukwa cha malole ndi magalimoto oposa 400,000 ochokera ku America, pamodzi ndi nyama ya m'zitini, mafuta a ndege ndi zitsulo za njanji. Pa nkhani ya thandizoli anthu amakangana motengera mbali. Mmene ndikuonera, Moscow inapulumuka thandizo lambiri lisanafike, koma popanda ilo ulendo wa ku Berlin ukanatalika ndipo ukanadya miyoyo yambiri. Pa Vistula pomwepo anthu a ku Warsaw anaukira Ajeremani pa 1 Ogasiti, asilikali a Soviet anaima kutsidya, ndipo anthu wamba oposa 150,000 anaphedwa mzinda usanagumulidwe.

Mu Januwale 1945 nkhondo inalowa mwamphamvu m'midzi ya Ajeremani. Asilikali a Soviet amene anadutsa m'midzi yawo yopsa, n'kutsegula zipata za msasa wopherako anthu wa Auschwitz pa 27 Januwale, anabwezera pa anthu amene ambiri a iwo sanagwirepo mfuti. Akazi mazana a masauzande anagwiriridwa, ndipo mlandu umenewu sufufutika chifukwa chakuti anayamba ndi ena. Anthu othawa anadzaza misewu m'chipale chofewa. Chombo cha Wilhelm Gustloff chitamizidwa pa 30 Januwale, anthu pafupifupi 9,000 anamira, ambiri amayi ndi ana. Kulanda Berlin, kuyambira pa 16 Epulo mpaka pa 2 Meyi, kunadya asilikali a Soviet pafupifupi 80,000. Hitler anadzipha pa 30 Epulo. Chikalata chogonjera chinasainidwa usiku wa pa 8 Meyi, ku Moscow nthawi itadutsa kale pakati pa usiku kulowa pa 9, n'chifukwa chake masiku okumbukira amasiyana.

Soviet Union inataya anthu pafupifupi 27 miliyoni, ndipo oposa theka anali anthu wamba. Belarus inataya munthu mmodzi mwa anayi alionse. Mwa asilikali anayi alionse a Germany amene anafa pa nkhondo yonseyo, pafupifupi atatu anafera kum'mawa. Ajeremani pafupifupi 12 miliyoni anathawa kapena kuthamangitsidwa m'madera amene makolo awo anakhalamo zaka mazana ambiri. Königsberg, kumene mafumu a Prussia ankavekedwa ufumu, inakhala Kaliningrad mu 1946, ndipo malo a nkhondo ya Tannenberg lero ali m'dziko la Poland. Akaidi omaliza achijeremani anamasulidwa Adenauer, mtsogoleri wa West Germany, atapita ku Moscow mu 1955, pamene asilikali omaliza a Russia anachoka pa nthaka ya Germany mu Ogasiti 1994.

Mbiriyi ikugwirabe ntchito m'ndale za lero. Russia itaukira Ukraine mu Febuluwale 2022, boma la Germany linazengereza pafupifupi chaka chathunthu lisanalole, mu Januwale 2023, kutumiza akasinja ake a Leopard, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene zinkamveka chinali chakuti akasinja achijeremani asadzalozenso anthu a ku Russia. Anthu a ku Ukraine ankayankha kuti dziko lawo lonse linali pansi pa Ajeremani, kuti Babi Yar ili ku Kyiv (Kiev), ndipo ngati Germany ili ndi ngongole ya magazi a 1941, gawo lalikulu la ngongoleyo ndi la iwo.